Mmisiri wa Nyumba Yoyenda

Phokosolo linayamba titangosiya tala. Linali laling'ono, ngati khoswe akutokosa kudenga, koma amalume anazimitsa wailesi n'kupendeketsa mutu.

"Wamva, mphwanga?"

Ine ndinkangomva galimoto ikunjenjemera pa tizitunda ta msewu wafumbi, tija timaoneka ngati malata.

"Ndi supuni," anatero. "Supuni imodzi yachoka pamalo pake."

Anaimika Hiace m'mbali mwa msewu, anazungulira kumbuyo, anakoka dirowa yachiwiri kuchokera pansi, ndipo inalidi supuni, yaing'ono ya tiyi, itapulumuka pa kachingwe ka mphira komwe zinzake zinamangidwa. Anaibwezera, anatseka, tinapitiriza ulendo. Kuyambira pamenepo mpaka pa geti la famu yomwe tinkapita, m'nyumba yathu yonse, yokhala ndi bedi, mapoto, mbale, ufa ndi mbaula, simunamvekenso kanthu.

Ndikuti nyumba chifukwa ndi nyumbadi. Amalume ndi mmisiri wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga, mmodzi mwa aja mumawaona m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata atazunguliridwa ndi mageti ndi mafelemu a mawindo oimikidwa padzuwa. Ukalipentala anaphunzira ali mnyamata ku Katete. Hiace imeneyi inachokera ku Japan itagwira kale ntchito, inalowera pa Nakonde ngati zinzake zambiri, inanyamula anthu zaka zingapo pakati pa tawuni ndi Chelstone, mpaka mwini wake anatopa nayo. Amalume anaigula, anazula mipando yonse kupatula ya kutsogolo, ndipo kwa zaka ziwiri, madzulo aliwonse ntchito za anthu zikatha, ankalowamo ndi tepi m'manja, pensulo kukhutu. Anansi ankati akupanga ambulansi. Akazi awo ankati akumanga kothawira.

Kuitanidwa kwathu kunabwera ndi ntchito. Bambo wina wa ku South Africa anathyola chitsulo chogwira thayala lapadera kumbuyo kwa Land Cruiser yake, wina anamulozera kwa amalume, ndipo podikira kuti chitsulo chizizire anasuzumira mu Hiace. Anakhalamo nthawi yaitali kuposa yomwe ntchito yake inatenga. Potsanzika anati pa tchuthi cha Heroes ndi Unity, kumayambiriro kwa Julayi, apaulendo ogona m'magalimoto awo adzakumana pa famu ina ku Palabana, ndipo amalume asalephere. Amalume Chingerezi amachimva pang'ono chabe ndipo sachikonda, ndiye ananditenga ine kuti ndikakhale pakamwa pawo.

Ambiri a ife Palabana timaidziwa ndi ng'ombe. Kuli sukulu ya boma yophunzitsa ulimi wa mkaka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunalinso pulogalamu yothandizidwa ndi dziko la Netherlands, yophunzitsa kulima ndi kukoka ngolo ndi ng'ombe; mpaka lero pali khasu lina la ng'ombe, long'amba nthaka yolimba, lotchedwa ndi dzina la Palabana. Ndi dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Koma pali mtundu wina wa anthu omwe amadziwa malowa pa chifukwa china. Kwa munthu wochokera ku Livingstone wolowera ku Malawi kapena ku South Luangwa, pano ndi pogona pabwino: chipwirikiti cha Lusaka wachidutsa kale, ndipo m'mawa amangodzuka n'kugwira msewu wa Great East, makilomita oposa 500 mpaka ku Chipata, kudzera Chongwe, Rufunsa, mapiri a Manenekela, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete. Kampu ya Pioneer, yomwe ili mu msewu wa Palabana womwewu, yakhala m'mabuku ndi m'mafoni a apaulendo otere kwa zaka zambiri.

Kunja misonkhano yotereyi ndi yaikulu mochititsa mantha. Chionetsero cha Caravan Salon ku Düsseldorf, ku Germany, chimakoka anthu oposa 200,000. Ku America bungwe la eni nyumba zoyenda la FMCA linabadwa mu Julayi 1963, pomwe mabanja 26 anasonkhana ku Hinckley, m'chigawo cha Maine, kukaonerera kadamsana. Ngakhale kuno si zachilendo kwenikweni. Mu 1959 Wally Byam, yemwe anayambitsa kampani ya Airstream, anatsogolera makalavani 41 kuchoka ku Cape Town kulowera ku Cairo, ndipo mdipiti umenewo unadutsa m'dziko lino likadali Northern Rhodesia. Kuyambira 2011 a Put Foot Rally akhala akudutsa Zambia ndi Malawi, akugawa nsapato m'masukulu. Msonkhano wathu wa ku Palabana unalibe dzina, unalibe chikwangwani, unali wongouzana pa WhatsApp. Komabe titalowa pa geti n'kuona magalimoto oposa 20 atandandalika pansi pa mitengo, ena aatali oti kukwera n'kufuna makwerero, ine mtima unagunda ngati tsiku loyamba ku sekondale.

Tinalakwitsa nthawi yomweyo. Tinaona mthunzi wabwino pakati penipeni, tinaimika pomwepo, chitseko chathu chikuyang'anizana ndi chitseko cha anthu ena, mtunda woti n'kupatsirana mchere osadzuka. Mayi ena achikulire a imvi anabwera ndi kapu ya khofi m'manja. Anatilonjera bwinobwino, anafunsa komwe tachokera, anayamikira galimoto, ndipo atatha zonsezo m'pamene anatiuza kuti mbali ya chitseko ndi khonde la munthu, ndipo wobwera mochedwa saimika nyumba yake pa khonde la mnzake. Amalume anaseka. "N'chimodzimodzi kumudzi," anandiuza. "Sumanga nkhokwe pakhomo pa mnansi." Tinasuntha.

Pamalo atsopanowo amalume anachita chinthu chomwe chinawabwezanso mayi aja. Anthu enawo ali ndi tizipangizo ta thovu toonera ngati galimoto yaima mowongoka, ena amayeza ndi foni. Amalume anathira madzi m'mbale ya enamelo mpaka pa mzere wabuluu wa m'milomo, anaikhazika pansi pakati pa galimoto, n'kugwada kuyang'ana. Madzi anapendekera kumanzere chakumbuyo. Anatulutsa matabwa awiri osongoka omwe amakhala kuseri kwa mpando wa dalaivala, anaika limodzi kutsogolo kwa thayala, n'kundiuza kuti ndiyendetse pang'onopang'ono mpaka atakweza dzanja. Sanafune kuti madzi afanane ndendende. Anasiya mbali ya kumutu kwa bedi itakwera pang'ono, mwina chala chimodzi. Wogona mutu uli kunsi amadzuka mutu ukuwawa. Koma ukakweza kuposa chala, mafuta pa chiwaya amathawira mbali imodzi, dzira n'kupserera theka.

Ulendo woyamba wa amalume unali wa pansi pa lole. Inali Unimog ya Mercedes-Benz, chiwongolero kumanzere, nambala za ku Germany, matayala ondifika m'chiuno, ndipo pamsana pake bokosi loyera la timawindo ting'onoting'ono. Eni ake, bambo ndi mayi opuma pantchito, anatiitanira m'kati kuti tikaone shawa ndi khitchini. Amalume anathokoza, anavula chipewa, n'kupempha kuti ayambe agona pansi. Anakhala kunsiko mphindi zoposa 10, miyendo yokha ikuoneka, kenaka anandiitana.

Zomwe anandionetsa ndi izi. Msana wa lole yotere, zitsulo ziwiri zazitali zomwe amakanika amati chesesi, unapangidwa kuti uzipotoka. Thayala limodzi likakwera pa mwala lina lili m'dzenje, msanawo umapotoka ngati nsalu yofinyidwa, kenaka n'kubwerera. Bokosi la nyumba silingatero. Likatero makoma amang'ambika m'makona, zitseko zimakana kutseka, mvula imapeza polowera. Ndiye bokosilo salimangirira ku msana ponseponse ayi. Amalikhazika pa felemu yakeyake, ndipo felemuyo imagwira msana pa malo ochepa okha, ena olimba, ena ozungulira ngati hinjesi, kuti lole ikamadzipotokola pansi, nyumba pamwamba izingokhala phee.

"Ndi nkhata iyi," anatero amalume, tili chagada m'fumbi. "Unamuonapo mayi wosenza ndowa akutsika chitunda? Chiuno chikugwedera, mapewa akugwedera, madzi osatayika. Wopanga ichi anaonerera amayi ake."

Nditawamasulira bambo a ku Germany aja anakhala chete kanthawi, kenaka analowa m'lole kukatenga kabuku n'kulemba.

Pansi pa lole pamenepo m'pomwe ndinayamba kumvetsa ntchito yomwe ndinakhala ndikuiyang'ana zaka ziwiri osaiona. Womanga nyumba wamba amamanga chinthu chokhala malo amodzi, ndipo akabisa msomali wopindika kuseri kwa pulasitala, zaka 20 zikhoza kutha wina osadziwa. Nyumba yoyenda imapetedwa ngati chimanga m'lichero tsiku lonse. Msomali umasololoka wokha, sikuluwu imadzimasula, guluu wouma amasweka. N'chifukwa chake mu Hiace ya amalume mulibe msomali ngakhale umodzi. Felemu ndi ya mapaipi a makona anayi, owotcherera, yomangidwa ndi mabawuti m'mabowo momwe munali mipando, chifukwa pamenepo a Toyota analimbitsa kale pansi kuti pazinyamula anthu. Nati iliyonse ili ndi kapulasitiki m'kati koiletsa kumasuka, ndipo pomwe zotere zinasowa anaika manati awiri kuti alumane. Pakati pa thabwa ndi chitsulo pali kachidutswa ka chubu chakale kuti ziwirizi zisamakhudzane. Zikakhudzana zimalira, ndipo amalume amati chinthu chikamalira ndiye kuti chikudyeka. Nkhani ya supuni ija si ukhondo chabe: m'galimoto ya zii, bawuti ikayamba kumasuka umaimva tsiku lomwelo.

Ndiye pali malegeni. Madirowa a anthu enawo ali ndi maloko odina ndi chala, ochokera kunja, okongola kwambiri. Koma bambo wa Land Cruiser anavomera yekha kuti awiri mwa maloko ake anafa ndi fumbi la ku Namibia. Amalume anadula chubu cha thayala la lole m'timizere ta chala chimodzi m'lifupi, ndipo dirowa iliyonse imatsekedwa ndi kamzere kamodzi kokoledwa pa mutu wa bawuti. Sikaopa fumbi, sikachita dzimbiri, ndipo kakaduka, kena kali pa malo aliwonse omatira matayala kuyambira Chongwe mpaka Mchinji. Komanso njanji za madirowa anazipendeketsa pang'ono kulowera m'kati, kuti ngakhale legeni itaduka, kunjenjemera kwa msewu kuzikankhira dirowa kotseka osati kotseguka. Kupendekeka kwake maso sakuona. Unafunika kukoka dirowa theka n'kuisiya, kenaka amalume n'kumenya pansi ndi chibakera katatu, iyo n'kubwerera yokha ngati mwana woitanidwa. Anthu anapempha kuti abwereze kangapo.

Khitchini ndiye inasonkhanitsa khamu. Makhitchini a m'magalimoto a kunja anapangidwira munthu wowiritsa madzi ndi kukazinga soseji: chitofu cha gasi chopepuka, poto wopepuka. Nsima sigwirizana nazo zimenezo. Nsima imafuna kuvundula ndi phewa lonse, ndipo poto akapanda chomugwira amathawa. Amalume anapanga dirowa yaikulu ya pansi kuti ikakokedwera panja, kumbuyo kwa galimoto, izitsitsa miyendo iwiri yachitsulo. Pakati pake pali dzenje lomwe mbaula imalowamo mpaka m'khosi, ndipo pamwamba pali mkombero wachitsulo wa muyezo wa poto wa nsima, wokhala ndi kampata kolowamo chogwirira. Ukhoza kuvundula ndi manja awiri poto osasuntha. Mbaula siyatsidwa m'kati, ndipo silowa m'galimoto mpaka phulusa litatayidwa chitsulo n'kuzizira, pakuti mpweya wa makala, uja suoneka, wapha anthu ambiri ogona atatseka mawindo nyengo yachisanu. Mthiko ndi chipande zili ndi mphako zake m'mbali mwa chitseko. Ufa uli m'chidebe chomwe chivundikiro chake anachiveka mphira wa chitseko cha furiji yakufa, kuti fumbi ndi nyerere zisalowe.

Za fumbi anaphunzira kwa madalaivala a minibasi. Galimoto ikamathamanga pa msewu wafumbi, kumbuyo kwake kumakhala ngati kukuyamwa, ndipo fumbi limalowera m'timipata ta chitseko cha kumbuyo ngakhale mawindo onse ali otseka. Mankhwala ake si kumata mipata, chifukwa sungaimalize. Amalume anaboola denga chakutsogolo, komwe mpweya ndi woyera, n'kuikapo kachitseko kotsegukira komwe galimoto ikupita, kokhala ndi sefa ya siponji. Mpweya ukalowa pamenepo umadzaza m'kati n'kumatulukira m'mipata ija, fumbi n'kusowa polowera. Bambo a ku Germany anatitengera ku lole yawo kukationetsa chinthu chomwecho, chogula m'sitolo. Awiriwo anagwirana chanza ngati anthu omwe angotulukira kuti ndi a mfunda umodzi.

Si zonse zinayamikiridwa. Paja amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa bwalo limenelo aliyense anali mlendo wa mnzake. Bambo wa Land Cruiser anazungulira Hiace kawiri, anagwada kuyang'ana masipuling'i a kumbuyo omwe anali atagona pafupifupi mowongoka, kenaka analoza padenga pomwe panali thanki ya madzi ya malita 100. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, anatero. Ndiye kuti mwasenzetsa galimoto matumba awiri a simenti pamutu, ndipo matumba ake ndi oyenda, amathamangira kunja pa khona iliyonse. Cholemera chizikhala pansi, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Kenaka anagogoda zitseko za makabati. Zinali za mukwa, womwe ku Malawi amati mlombwa, wogulidwa ku Buseko, wopalidwa mpaka munthu kudzionerapo nkhope, ndipo ndikudziwa kuti pa ntchito yonseyo amalume ankanyadira zitseko zimenezi kuposa china chilichonse. Bamboyo anati pulayiwudi wopyapyala angagwire ntchito yomweyo popanda kulemetsa galimoto.

Ndinazengereza kumasulira. "Nena zonse, mphwanga, usandisankhire," anatero amalume. Nditanena sanayankhe. Anapita pambali pa galimoto, anaika manja awiri m'mwamba pafupi ndi denga, anakankha kamodzi mwamphamvu n'kusiya. Hiace inagwedera uku ndi uku, ndipo madzi a padenga anapitiriza kuyankhula iyo itaima kale.

"Akunena zoona," anatero. Za mukwa sananene kanthu.

Pa zamagetsi sitinachedwepo, chifukwa pamenepo munthu wa ku Lusaka saphunzitsidwa ndi mlendo. Chilala cha 2024, pomwe madzi a ku Kariba anatsika magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, chinasandutsa komboni iliyonse sukulu ya sola. Batire la m'nyumba likhale losiyana ndi lolizira injini, kuti furiji isakudyere ulendo wa mawa. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osati kumapeto kwa waya. Onse anagwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chakumadzulo kunalowa lole ya mtundu wina, ya makampani aja amanyamula alendo kuchoka ku Nairobi mpaka ku Cape Town, milungu ingapo pa msewu, anthu pafupifupi 20 pamwamba, matenti ndi mapoto m'makabati a m'mbali. Alendowo anatsika akuwongola misana n'kubalalika kukafuna mowa ndi intaneti. Amene anandigwira maso ndi wophika wawo, bambo wamfupi wa ku Nkhata Bay, yemwe atamva tikuyankhula anafuula, "Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko?" ngati tinasiyana dzulo.

Ndinaima pambali kumuonerera. Anatsegula zitseko zitatu za m'mbali mwa lole motsatana, osabwerera m'mbuyo ngakhale kamodzi: choyamba matebulo, chachiwiri chitofu ndi gasi, chachitatu mabokosi a chakudya. Madzi a tiyi anakhala pamoto tebulo lachiwiri lisanaimikidwe, chifukwa, monga anandiuza pambuyo pake, mlendo wogwira kapu yotentha safunsa kuti chakudya chipsa liti. Anandandalika mabeseni atatu pansi, la sopo, la madzi oyera, ndi la madzi a mankhwala ophera tizilombo. Nsalu yopukutira mbale kulibe. Aliyense akatsuka mbale yake amaikupiza m'mwamba mpaka iume, anthu akuluakulu kukupiza mbale mumdima ngati akuitana mvula. Zimaseketsa, koma nsalu imodzi yonyowa ikhoza kudwalitsa lole yonse, ndipo lole ya anthu otsegula m'mimba siyenda.

Luso lake lenileni lili pogula. Anandionetsa bokosi la matimati omwe anagula m'mbali mwa msewu ku Katete m'mawa womwewo: akupsa, a lero, pamwamba, oyamba kufiira, a mkuja, pakati, aawisi pansi atakulungidwa m'nyuzipepala, oti akapsere ku Livingstone. Kabichi, anyezi, mbatata ndi maungu zimapirira, ndiye zimadikira. Repu ndi chibwabwa n'za tsiku lomwelo. Mazira amakhala chapakati pa lole, pomwe kudumpha n'kochepa, osati kumbuyo kwa matayala. Nyama amaiwerengera ndi mapu. Ku Botswana ndi ku Namibia kuli mipanda yoteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo pa zipata zina nyama yaiwisi siloledwa kudutsa. Wosadziwa amafika furiji ili yodzaza n'kuisiya yonse pomwepo. Iye amafika muli batala yekha. M'mutu mwake mulinso ndandanda ya yemwe sadya nyama, yemwe mtedza umamutupitsa, ndi yemwe amati amadya chilichonse koma mbale imabwera theka.

Ndinamufunsa komwe anaphunzira. Anati anayamba n'kutsuka mapoto pa kampu ina ya m'mbali mwa nyanja ku Kande, komwe malole otere amaima masiku awiri, ndipo ankayang'ana.

Amalume ndi wophikayo anagwirizana msanga, ndipo nkhani yawo inafika pomwe ine ndinali ndisanaganizepo, kuti ife nyumba zoyenda tili nazo kalekale, kungoti sitizitcha choncho. Dalaivala wa lole yopita ku Dar es Salaam kapena ku Beira amakhala masiku pa mzere wa pa Nakonde kapena pa Chanida, ndipo m'mbali mwa lole yake muli bokosi lachitsulo lomwe chitseko chake chikatsika chimasanduka tebulo. M'katimo muli chitofu, ufa, kapenta, mafuta, ndipo chigubu cha madzi chamangiriridwa ku chesesi. Palibe amamujambula. Kusiyana kwake n'koti iye amagona m'galimoto kuti ana adye, pomwe anzathuwa amagonamo chifukwa ana anakula. Sindibisa, kansanje kanalipo. Mtengo wa Unimog ija ungagule nyumba zingapo ku Kalingalinga, ndipo pasipoti ya mwini wake imatsegula zipata zomwe yanga ingagogode miyezi. Koma pansi pa lole paja ndalama sizinkaoneka. Pankaoneka mabawuti, ndi ngati woikapo bawuti anaganiza kapena sanaganize.

Usiku wa Julayi ku Palabana si wamasewera. Dera lonse la Lusaka lili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo dzuwa likangolowa chisanu chimatsika ngati chimadikira mumtengo. Tinasonkhana pa moto umodzi waukulu. A ku South Africa anabwera ndi mphika wawo wachitsulo wa miyendo itatu, womwe amautcha potjie, wofanana ndendende ndi womwe agogo ankaphikira nyemba. Amalume anakoka dirowa yawo n'kuphika nsima ya anthu onse maulendo atatu. Mayi a khofi aja anapempha mthiko. Anavundula katatu n'kuubweza atagwira phewa.

Tinagona bwino mpaka cha m'ma 4 koloko, pomwe dontho lozizira linandigwera pamphumi. Mvula mu Julayi? Ndinayatsa tochi. Denga lonse lachitsulo linali mikanda ya madzi yokhayokha. Unali mpweya wathu womwe, wa anthu awiri opuma usiku wonse mawindo ali otseka, utakumana ndi chitsulo chozizira. Amalume anayang'ana kudenga nthawi yaitali, bulangete lili m'khosi, kenaka anatsegula kachitseko ka fumbi kaja ndi windo limodzi pang'ono. Anatenga pensulo. Pa thabwa la kumutu kwa bedi, pomwe madzulo analembapo kale kuti "thanki", analemba kuti "denga". Anakhala kanthawi pensulo ili m'manja, ine ndikuwaunikira, ndipo pansi pa mawu awiriwo analemba kuti "mukwa".

Kunyamuka kwa anthu amenewa n'kokoma kuonerera kuposa kufika kwawo. Palibe wothamanga, palibenso wocheza ndi mnzake. Aliyense amazungulira galimoto yake, kuyambira pa khona imodzimodziyo masiku onse, dzanja likukhudza chinthu chilichonse: gasi watsekedwa, chingwe cha magetsi chachotsedwa, makwerero alowa, mawindo a padenga atsika, matabwa a pansi pa matayala atoledwa. Wina akakuyankhulitsa uli pakati, umayambiranso poyamba. Bambo a ku Germany anayambiranso kawiri chifukwa cha ine, osakwiya. Pomaliza amasuntha galimoto mamita ochepa, amatsika, n'kuyang'ana pomwe anagona, ngati pali dontho la oyilo, sipanala yoiwalika kapena chinyalala. Pofika 9 koloko pa udzu panangotsala mizere ya matayala ndi phulusa la moto uja, lothiridwa madzi.

Thanki ija tsopano ili pansi pa galimoto, pakati pa matayala, yogawidwa m'kati ndi zitsulo ziwiri zobowola kuti madzi asamathamange. Denga lavekedwa siponji ndi pulayiwudi. Zitseko za mukwa anazichotsa Loweruka lina osauza munthu. Zili pa kabati ya pabalaza, ndipo akazi awo akuti pa ntchito yonse ya zaka ziwiri, n'zokhazo zawapindulira. Chimodzi chokha anachisiya, chaching'ono, cha pomwe pamakhala tiyi ndi shuga.

Ulendo wotsatira ndi wa ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, komwe Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ambiri n'kugona m'mabasi, m'malole ndi m'misasa ya udzu. Mukadzaona Hiace yoyera itakwera pa matabwa osongoka, mbaula ikufuka kumbuyo, musadzaimike pa khonde lake. Mudzanene odi, mudzawalonjere amalume, kenaka mudzapemphe kuti akukokereni dirowa yachiwiri kuchokera pansi.